Braid ikungomanga mfundo ndikaponya, vuto ndi rilu kapena ndine?

wakuKatete_Chawama:
Muli bwanji akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Zaka zonsezi ndimawedza ndi chingwe cha nayiloni, manje mwezi watha ndinagula braid (chingwe cholukidwa ndi timaulusi) ya 20 lb nkuika pa rilu (chopukusira chingwe) yanga ya spinning ya saizi 3000, poti aliyense amaitama ati imapita patali komanso nsomba ikangogunda umamva pompo. Loweruka tinali ku Kafue chapafupi ndi mlatho, kuponya kachitatu chabe kunatuluka chimfundo ngati chisa cha mbalame, ndinakhala pa mwala kumasula mpaka anzanga anagwira ma bream anayi ine ndikulimbana ndi ulusi. Mapeto ake ndinangodula. Ndataya kale mamita mwina 30 ndipo chinthuchi sichotchipa ayi. Ndi rilu kapena anandigulitsa feki?

Mdala wa ku Chilenje:
Mphwanga, usanaimbe mlandu rilu, unadzaza sipulu, paja pamakulungidwa chingwe, mpaka pati? Ndikudziwa unafikitsa pakamwa penipeni, tonse tinayambira pomwepo. Braid njopyapyala, njofewa ndiponso njoterera, ukadzazitsa imachoka mikombero itatu inayi nthawi imodzi nkukamangana pa mphete yoyamba ya ndodo. Siya kampata ka mamilimita 2 kapena 3 kuchokera m'mphepete.

Koma chachikulu chili m'manja mwako. Ukaponya usamatseke kawaya kogwira chingwe ka pa rilu kaja pozunguza handulo ngati mmene unkachitira ndi nayiloni, tseka ndi dzanja, kenako kokako chingwe pang'ono chikhale bwino pa kagudumu kake, kweza ndodo chikungike, ndiye uyambe kupukusa. Ukapanda kutero kamatsala kalupu kolendewera pamwamba pa sipulu, chingwe china chimakulunga pamwamba pake, iwe osaona, ndiye ukaponyanso kalupu kaja kamakoka anzake onse. Mfundo imaoneka pa kuponya kwachitatu koma unaimanga wekha pa kuponya koyamba. Ine ndisanaponye ndimayang'ana kaye pa sipulu, chakhala chizolowezi ngati kuyang'ana pa galasi la galimoto.

Chinanso, nyambo ikatsala pang'ono kugwera m'madzi gwira m'mphepete mwa sipulu ndi chala chamkombaphala kuti chingwe chisapitirize kutuluka chokha.

Kabwata_taiga:
Amdala anena zoona koma musaiwale mphepo, ino ndi Ogasiti. Kuponya kasipina (kanyambo kachitsulo) kopepuka moyang'anizana ndi mphepo ndi kudziputira dala, nyambo imaima m'mwamba chingwe chikutulukabe. Ponya motsika kapena upatse mphepo msana. Ndipo ngati ndi kasipina kozungulira ika swivo (kachitsulo kolumikizira kamene kamazungulira), apo ayi chingwe chimapotoka mpaka kufika pomadzikulunga chokha kunsonga kwa ndodo.

Amake_Dali:
Ine ndikutsutsani pang'ono abale. Bream za ku Kafue ndi nyongolotsi, braid ya chani? Nayiloni ya 10 lb imakwana ndipo siikupatsa BP. Yanga braid ndimasungira ku Siavonga ndi ku Chirundu komwe kuli nsomba za taiga (tigerfish), ndipo kumeneko kutsogolo ndimaika waya chifukwa mano aja amadula braid ngati ulusi wa telala. Ngati mwaikonda kwambiri mangani kutsogolo nayiloni kapena fluorocarbon (chingwe chonga nayiloni) yotalika ngati mita imodzi ndi mfundo ya double uni, njosavuta kuphunzira kusiyana ndi mfundo ya FG. Koma mfundoyo isamalowe m'sipulu, imakola chingwe poponya.

wakuKatete_Chawama:
Aaa amdala mwandigwira, ndinadzaza mpaka kusefukira ndipo ndinakulunga ndili pa sofa ndikuonera mpira, osakunga n'komwe. Chinanso ndinaiwala kunena, mlamba utakoka handulo imazungulira koma chingwe osabwera, ndimayesa dragi (buleki ya chingwe pa rilu) yafa.

Mdala wa ku Chilenje:
Hahaha dragi ili moyo, ndi braid yonse imene imazungulira pa sipulu chifukwa unaimanga pa chitsulo chopanda kanthu. Chotsa yonse, uikulunge pa botolo, pansi uyale nayiloni mikombero ingapo kapena kaselotepi ka magetsi kaja, ndiye ulumikize braid. Pokulunga pitirizira chingwe m'kansalu konyowa ukufinya zolimba, osati ndi zala zokha chimacheka ngati lezala, ine chipsera ndili nacho. Ikatha uikanikize ndi chala, ikamabonyeka ngati buledi bwereza.

Ndipo nsomba ikamathawa dragi ikulira leka kupukusa handulo, ukamapukusa pamenepo ukungopota chingwe. Kuti chomwe wapota kale chiwongoke chotsa mbedza ndi zonse, uchitayire m'madzi oyenda kapena kumbuyo kwa bwato kwa mphindi zingapo kenako ukulunge mokunga. Mfundo ikabweranso usakoke, ukakoka ndiye wakhoma, inyowetse ndi malovu uitokose ndi nsonga ya mbedza kapena singano.

wakuKatete_Chawama:
Zikomo kwambiri, ndikonza madzulo ano magetsi akabwera. Alipo akupita ku Kafue Loweruka? Mafuta tigawana.