Kodi chifundi cha m'mawa chingatiuze kuti masana kugwa mvula ya mabingu?

Akuluakulu a pagulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za nyengo. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Jali, kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, ndipo ana athu ambiri poweruka amadutsa m'madambo ndi m'minda ya mpunga momwe mulibe nyumba yoti angabisalemo. Chiyambire Novembala kukumacha ndi chifundi choti thukuta siliuma m'thupi, kenako dzuwa likafika paliwombo timaona mitambo itaunjikana pa phiri la Zomba. Masiku ena mitamboyo imatsikira kuno ndi mabingu ndi ziphaliwali ana ali m'njira, pamene masiku ena imangobalalika osagwetsa ndi dontho lomwe.

Pa wailesi timamva zoti kugwa mvula ya mabingu m'madera ena a chigawo cha kummwera, koma chigawochi ndi chachikulu. Foni nayo imalemba kuti mwayi wa mvula ndi 60 peresenti, ine osadziwa ngati zikutanthauza kuchuluka kwa mvulayo kapena kutalika kwa nthawi yomwe igwe. Kodi pali njira yodalirika yoti pofika 11 koloko m'mawa tidziwe ngati anawa tiwatulutse msanga kapena tiwasunge m'kalasi?

Yankho la bambo wina wa ku Thondwe:

Aphunzitsi, ndiyambe ndi nambalayo. Ikati 60 peresenti, ikunena kuti pa masiku 10 omwe mlengalenga muli ngati lero, pa masiku 6 mvula imagwa pamalopo. Sikunena za kukula kwa mvulayo kapena ola lomwe ifike.

Chifundi mukumvacho ndi chinyezi chomwe chadzaza mumpweya, n'chifukwa chake thukuta likukanika kuuma. Miyezi ino chinyezichi chimabwera kwambiri ndi mphepo yochokera ku Congo, komanso mzere umene mphepo za kumpoto ndi za kummwera zimakumanirapo ukafika m'dziko muno. Koma chinyezi pachokha sichigwetsa mvula, chimafunika chochikwezera kumwamba komwe kukuzizira. Dzuwa la m'mawa likatenthetsa nthaka mpweya umakwera, ndipo phiri la Zomba, lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, limaukankhira m'mwamba kwambiri. N'chifukwa chake mitambo imayambira paphiri ndipo mabingu amakonda masana. Mtambo umodzi wotere umatha kukhuthula mvula ku Matawale, ku Jali kuli gwa, choncho musawaimbe mlandu a nthambi yoona za nyengo akamatchula madera osati mudzi, pakuti palibe amene angalosere m'mawa malo enieni omwe mtambowo uimepo.

Mverani ulosi wawo usiku kapena m'mamawa kuti mudziwe ngati tsikulo ndi lokayikitsa, kenako maso anu amalize ntchitoyo. Mitambo ikakhala yotambalala ndi yosalala, palibe chodetsa nkhawa kwenikweni. Ikayamba kukula chokwera, pamwamba poyera ndi potumphukatumphuka, pansi pakuda, ndipo mukayang'ananso pakapita mphindi 30 n'kupeza kuti yatalikirapo, dziwani kuti masana amenewo si abwino. Kamphepo kozizira kobwera mwadzidzidzi pakati pa chifundi kamasonyeza kuti mvula yayamba kale kugwa chapafupi.

Yankho la mlimi wa mpunga ku Likangala:

Zimene anenazi ndi zoona. Ife kumunda tikaona kuti usiku kunali kofunda, m'mawa kuli bata ndipo dzuwa likubaya, timafulumiza ntchito kuti masana atipeze kunyumba. Kukacha ndi mitambo yophimba thambo lonse, dzuwa osatuluka, kawirikawiri mabingu amachedwa kapena osabwera n'komwe.

Yankho la mayi wogwira ntchito zachipatala:

Aphunzitsi, chondidetsa nkhawa ndi ganizo lowatulutsa msanga. Mwana woyenda ola lathunthu m'dambo mukamutulutsa mitambo itakwera kale, mwamuika pangozi yomwe mumafuna kumupewetsa, chifukwa pamalo oyera ngati amenewo iye ndiye chinthu chachitali. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka mutamva bingu: masekondi atatu alionse ndi pafupifupi kilomita imodzi, ndipo akakhala 30 kapena kucheperapo, mphenzi ikhoza kugwa pomwe mulipo ngakhale mvula isanayambe. Pamenepo ana akhale m'kalasi, atalikire mazenera ndi zitseko, ndipo adikire mphindi 30 chimvekere bingu lomaliza. Pakhonde, pansi pa mtengo wa mango ndi m'zisakasa za m'minda si pobisalira.

Muwaphunzitsenso kuti munthu woombedwa ndi mphenzi sakhala ndi magetsi m'thupi, choncho akhoza kumugwira ndi kumuthamangitsira kuchipatala.

Mphunzitsi uja:

Zikomo kwambiri nonsenu. Ndikambirana ndi ahedi ndi komiti ya sukulu kuti makolo adziwiretu kuti tsiku la mabingu ana azichedwa kufika kunyumba. Chomwe chatsala n'chakuti, mphenzi ikawapeza ali kale pakati pa dambo, kutali ndi nyumba iliyonse, achite chiyani? Amene mukudziwa bwino tithandizeni.