Chizindikiro cha VB100 pa antivirus, chili ndi ntchito kapena ndi malonda chabe?

NyaLuwinga:
Abale ndithandizeni. Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta kuno ku Luwinga, makasitomala ambiri ndi ana asukulu ndipo aliyense amabwera ndi fulashi yake. Lachiwiri kunabwera mtsikana wina ndi asayimenti, titangolowetsa fulashi mafayilo onse anasanduka ma shortcut, mwana kuyamba kulira pompo kuti ndamuonongera ntchito ya mwezi wathunthu, zinandipweteka kwambiri mpaka pano. Ndiye ndikufuna kugula antivirus yolipira, wogulitsa akundionetsa chizindikiro cha VB100 ati iyi ndiye yoyesedwa. VB100 yo ndi chani? Ndalama yake siyochepa ayi.

Tekinishani_Katoto:
Mayi, chizindikirocho ndi chenicheni. Chimachokera ku Virus Bulletin, magazini ya ku England yomwe inayamba mu 1989 kulemba za ma virus a kompyuta basi, ndipo mayeso a VB100 anayamba mu 1998. Amatenga antivirus nkuiponyera mulu wa ma virus odziwika kuti aone ngati igwire, kenako amaipatsanso mafayilo abwinobwino kuti aone ngati siinamizira fayilo yosalakwa, pajatu antivirus yongokuwa paliponse imatha kukufufutirani pulogalamu yomwe mumadyera. Koma funsani wogulitsayo kuti inakhoza liti, chifukwa mayesowa amachitika mobwerezabwereza, kukhoza kwa zaka zisanu zapitazo sikukuthandizani lero. Onaninso zotsatira za mabungwe ena oyesa ma antivirus, AV-TEST ya ku Magdeburg ku Germany ndi AV-Comparatives ya ku Innsbruck ku Austria, zimawerengeka ulere pa intaneti.

Mnyamata_wa_Chibavi:
Ine ndinganene kuti musathamangire kugula anti. Ngati muli pa Windows 10 kapena 11 muli kale ndi Microsoft Defender, antivirus yobwera ndi Windows yomwe, ndipo nayonso imayesedwa ku AV-TEST komweko. Vuto lathu kuno ndi bandulo, timazimitsa ma update poopa kuti data itha ndiye antivirus imakhala ikudziwa ma virus a chaka chatha okha, olo mutagula yodula bwanji popanda update palibe chomwe mwachita. Za mtsikanayo, nthawi zambiri mafayilo amakhala sanafufutike, virus imangowabisa. Sikanani kaye fulashiyo, kenako tsegulani cmd (kawindo kakuda kolembamo malamulo mu Windows) mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* (pa E mpomwe muike chilembo cha fulashi yanu), muwaona akubwerera. Ma shortcut wo osawadina, kudinako ndi komwe kumaidzutsa.

Tekinishani_Katoto:
Zoona mphwanga, koma tiwauzenso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, Windows 7 ndiye kalekale mu Januwale 2020. Ndipo chonde mayi osaika antivirus ya crack (yothyoledwa kuti izigwira ntchito osalipira), ndakonzapo malaputopu angapo omwe virus inalowera mu crack momwemo. Mukafuna kudziwa ngati yanu ili maso, sakani EICAR test file, ndi kafayilo ka zilembo 68 kosaononga kanthu koma antivirus yamoyo imayenera kukagwira nthawi yomweyo.

NyaLuwinga:
Yewo chomene nonse. Ndamuimbira mtsikana uja wabwera nayo fulashi masana ano, tapanga za attrib zija mafoda onse atuluka, asayimenti yake ilimo yonse mapeji 42. Kompyuta yanga ndi Windows 7, ndiye a Katoto mundiuze ngati makina a 4GB RAM angakwanitse Windows yatsopano ndisanapite kwa wogulitsa uja Loweruka.