Quad ikuombera ku ekizozi, ikatentha n'kumazima

Kapitawo_waku_Mchinji:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pafamu pomwe ndimayang'anira tili ndi njinga yamoto ya mateyala anayi, quad ija, ya 250cc, ya kabuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya). Ndimayendera minda ya soya komanso kukokera kangolo ka feteleza. Inakhala m'shedi chirimwe chonse ili ndi petulo pang'ono m'thanki. Panopa m'mawa imalira pokhapokha choki (chochepetsa mpweya wolowa m'kabuleta) chikhale chokoka, ndikangochibweza basi yazima. Ikafunda imayenda ndithu, koma ndikasiya moto pamtsetse, ekizozi imaombera, pha! pha! mpaka agalu kuthawa. Chikundisowetsa tulo ndi ichi: ndikayenda kamtunda ndithu imayamba kubanika kenako n'kuzimiratu. Ndikaidikira pang'ono imalira bwinobwino. Pulagi ndaika yatsopano koma palibe chasintha. Mnyamata wokonza za kabaza pamsika pathu akuti tigule CDI, kabokosi ka magetsi kolamula moto wa pa pulagi. Ndisanakapemphe ndalama kwa abwana, kodi n'zoona?

Makaniko_wa_ku_Ndirande:

Achimwene, ndalamayo isungeni kaye. CDI sidziwa ngati choki chakokedwa kapena ayi. Injini yolira ndi choki chokha ikukuuzani kuti petulo akuchepa, mpweya ukuchuluka. Kuombera posiya moto n'chimodzimodzi: mafuta akachepa sayaka bwino musilinda, otsalawo amakayakira mu ekizozi yotentha.

Ine ndikuloza jeti yaing'ono ya m'kabuleta, ija timati pilot jet. Ndi imene imadyetsa injini ikamalira payokha ndiponso mukasiya moto. Bowo lake ndi laling'ono kwambiri moti kachitsotso kamodzi kamalitseka. Musaiwalenso kuti petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, zinayamba kalekale mu 1982. Poyendera alibe vuto, koma akakhalitsa amakoka chinyezi, ndipo akauma m'kabuleta amasiya zomata. Ngati munagulanso wa m'zigubu nthawi yosowa mafuta ija, zinyalala ndiye musachite kufunsa.

Tsekani kampopi ka petulo, chotsani kabuleta, masulani kambale ka pansi. Muona majeti awiri, yaing'ono ndi yowonda ija. Itsukeni ndi carb cleaner (mankhwala opopera otsukira kabuleta), muiyang'anitse padzuwa, kuwala kuzioneka mbali inayo. Chonde musalowetsemo singano, mukulitsa bowo. Kawaya kamodzi kofewa ka kopa kochokera mu nthambo ya magetsi n'kokwanira. Petulo wakaleyo mutaye yense, ndipo muchitire panja, kutali ndi osuta fodya.

Mukabwezera, ilizeni n'kupopera carb cleaner pang'ono pa labala yolumikiza kabuleta ndi injini. Kulira kukasintha, ndiye kuti labalayo yang'aluka ikuba mpweya. Pulagi yakale ija muli nayo? Ikakhala yoyera mbee, zikugwirizana ndi zomwe ndanenazi. Yabwino imakhala yofiirira.

Wa_ku_Limpopo:

Madala a ku Ndirande anena zoona, koma zozima ikayenda kamtunda ndi nkhani ina. Kuno ku South Africa pafamu ya malalanje pomwe ndimagwira ntchito ma quad ndi miyendo yathu. Pachitsekero cha thanki pamachoka kapaipi kakang'ono kolowetsa mpweya. Kakatsekeka, petulo akamatsika m'thanki mpweya sulowa m'malo mwake, ndiye mafuta amasiya kuyenda. Njinga ikakhala m'shedi, mavu aja omanga ndi dothi amakonda kumata timabowo totere. Ikadzazimanso, tsegulani chitsekero nthawi yomweyo. Mukamva kuti fyuu, ndipo n'kulira mosavuta, mwaligwira vuto. Izi n'zaulere, yambirani pamenepa.

Mayi_Injiniya:

Ine ndisiyaneko nanu pang'ono, abambo. Musamuseke msanga mnyamata wa kabaza uja. Koyilo (yokweza mphamvu ya magetsi opita ku pulagi) kapena CDI ikamafa imachitadi zimenezi: ikatentha moto wa pa pulagi umasowa, ikazizira umabwerera. Kungoti sitigula chinthu tisanayeze. Yendani ndi sipanala ya pulagi. Ikangozima, chotsani pulagi (imatentha, gwirani ndi sanza), ivekeni kapu yake, igunditseni pa chitsulo cha injini n'kudina sitata. Moto wa buluu ukaoneka, zamagetsi zilibe mlandu. Muyeze pompopompo, mukachedwa izizira n'kukunamizani.

Funso langa ndi la mavalavu, tizitseko tolowetsa mafuta ndi kutulutsa utsi musilinda: anayezedwa liti? Pa injini zazing'onozi mpata wake umakhala waung'ono zedi, zambiri pakati pa 0.05 ndi 0.10 mm injini ili yozizira, koma tsatani buku la njinga yanuyo. Mpatawo ukatha, valavu sitseka bwino ikatentha, ndiye kuombera ndi kuzima zimabwera limodzi. Mwamvetsera bwino komwe ikuombera? Ikamatsokomolera chakumbuyo ku bokosi la sefa ya mpweya, valavu yolowetsa mafuta muikayikire. Sefayonso ionedwe, fumbi la m'minda ya ku Mchinji mu Okutobala si lamasewera.

Kapitawo_waku_Mchinji:

Zikomo nonse. Achimwene a ku Limpopo, mwalasa: kapaipi kaja kanali komatidwa dothi, ndachita kutokosa ndi kamtengo. Dzulo ndazungulira famu yonse osazima. Jeti yaing'ono inalinso yotsekeka, kuwala sikumadutsa n'komwe, ndipo m'kambale munali madzi ndi dzimbiri. Tsopano ikulira popanda choki. Kuombera kwachepa koma sikunathe, kumamvekabe pamtsetse wa kudambo. Ndaona mwaye wakuda pomwe ekizozi imalumikizana ndi injini, natinso imodzi ndi yokhwepa. Mayi, mavalavu sanayezedwepo chiigulireni. Ku Lilongwe ndipita Lachisanu, ndikagula gasiketi ya ekizozi (yotseka polumikizira kuti utsi usatuluke) ndi feeler gauge yoyezera mpata wa mavalavu. Kodi gasiketi ya njinga wamba za 250 ingakwane, kapena ndinyamule yakaleyo akaiyerekeze?

Makaniko_wa_ku_Ndirande:

Nyamulani yakaleyo. Mwayewo ndi umboni kuti pakutuluka utsi, ndipo pomwe pakutuluka utsi pamalowanso mpweya wokoleza kuomberako. Manati mumange mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, injini itazizira. Mukakakamiza mudula sitadi (bawuti yomangapo nati), ndipo kuichotsa m'mutu wa injini ndi ntchito ya tsiku lathunthu.