Ndagula Hilux yakale, sipeya yakanirira pansi ndipo jeke yake ndi yokayikitsa. Ndiyambire pati?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndagula Toyota Hilux ya 2012, double cab, 4x4, yochokera ku South Africa. Matayala anayi ndi 265/65R17 pa malimu a aluminiyamu. Sipeya ili pansi pa bodi koma chitsulo choitsitsira mulibe. Ndikasuzumira ndikuona ngati yalembedwa 245/70R16. Jeke yomwe ndapezamo ndi yopinda ija ya galimoto zing'onozing'ono, ndipo sipanala ikuzungulira pa nati osagwira. Galimotoyi izinyamula feteleza ndi chimanga pakati pa Lilongwe ndi Ntchisi, mbali ina msewu wafumbi. Ndigule chiyani, ndipo sipeya imeneyi ndingaidalire?

Makaniko wa ku Biwi:
Achimwene, musanagule kalikonse pindani mpando wakumbuyo muyang'ane kuseri ndi pansi pake. Pa double cab zitsulo zimakhala kumeneko, ndipo ambiri amagulitsa galimoto osadziwa kuti zilimo. Choitsitsira sipeya ndi ndodo zachitsulo ziwiri kapena zitatu zolumikizana, zomwezonso zimapukusa jeke ya Toyota. Ngati mulibedi, pa msika wa zitsulo zakale zimapezeka, kapena wowotcherera akupangirani ataona pakamwa pa kawinchi kamene kamakweza ndi kutsitsa sipeyayo.

Kutsitsa kwake: pakati pa chitseko cha bodi ndi bampala pali bowo. Lowetsani ndodo mpaka mumve kuti yakola, ndiye pukusani chakumanzere. Tcheni chizitsika pang'onopang'ono. Chikakana musachikakamize ndi paipi yaitali, muthyola mano a mkati, ndiye sipeya idzatsika pokhapokha mutadula tcheni. Chimene chimagwira ndi matope ouma ndi dzimbiri. Tsukani ndi madzi amphamvu, thirani WD-40 kapena dizilo pa kawinchi ndi pa tcheni, musiye usiku wonse. Mawa lake muzipukusa pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, mpaka chilole. Chikatsika chonse chipakeni girisi musanakwezenso.

Jeke yopindayo ichotsenimo. Inapangidwira galimoto yopepuka, pansi pa pikapu yosenza matumba imapindika ndi kugwa. Pezani jeke ya botolo ya matani 3 kapena 4. Sipanala ya manati a Hilux ndi 21. Imene muli nayoyo mwina ndi 22 kapena 23, ndipo mukapitiriza kuigwiritsa ntchito idya makona a manati.

Womata matayala ku Limbe:
Sipeyayo ikatsika muone zinthu zitatu. Choyamba ndi zaka zake. M'mbali mwa tayala muli mawu akuti DOT, kumapeto kwake manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka: 2314 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2014. Tayala lokwana zaka 10 ndi lotha ngakhale mapanga ake akuoneka atsopano, chifukwa labala imauma. Muone ming'alu ing'onoing'ono m'mbali ndi pakati pa mapanga. Kenako valavu: ikankhireni kumbali ndi chala, ngati patsinde pake pang'aluka isintheni, ndi yotchipa. Chomaliza ndi limu yeniyeniyo. Limu yachitsulo ikakhalitsa pansi imachita dzimbiri pamene tayala limakhalira, mpweya nkumatulukira pomwepo pang'onopang'ono. Thirani madzi a sopo kuzungulira mkombero, thovu likuuzani.

Wogulitsa malimu:
Ndionjezere pa limu, chifukwa apa ndi pamene anthu amalira ali kutchire. Ogulitsa galimoto zakale amangotola tayala lililonse la mabowo sikisi nkupachika pansi kuti wogula aone kuti sipeya ilipo. Mabowo sikisi sakutanthauza kuti ilowa.

Hilux yanuyo, Ford Ranger, Isuzu D-Max ndi Nissan Hardbody zonse ndi 6x139.7 (mabowo sikisi pa mzere wozungulira wa mamilimita 139.7 m'mimba mwake), koma bowo lapakati limasiyana. La Hilux ndi mamilimita 106, la D-Max pafupifupi 100, la Ranger 93. Ndiye limu ya Ranger kapena ya D-Max pa Hilux sifika pansi, imatsakamira pa habu, chitsulo chimene limu imakhalirapo. Mukaimanga mokakamiza tayala limayenda mopepeluka ndipo masitadi, mabawuti omangapo manati aja, amathyoka. Navara D40 ndiye nkhani ina, yake ndi 6x114.3, silowa nkomwe. Komanso ma Hilux ena afupi a 4x2 ali ndi mabowo asanu.

China, limu ya 16 pa Hilux zina za zaka zimenezo imakhula pa kalipa ya buleki yakutsogolo, chifukwa zina zinabwera ndi madisiki aakulu ofuna limu ya 17. Njira yodziwira ndi imodzi: pakhomo, pamalo osalala, muivale kutsogolo, mumange manati onse, muizunguze ndi manja mumve ngati ikukhula. Kenako muiyesenso kumbuyo.

Wofunsa:
Zikomo akulu. Zitsulo ndazipezadi kuseri kwa mpando koma jeke ya Toyota mulibe. Sipeya yatsika. Ndi 245/70R16 pa limu yachitsulo, DOT ikuthera 4117. Kutsogolo yalowa bwino osakhula. Koma pa tayala lililonse pali nati imodzi yozungulira yopanda makona. Imeneyi ndiichotsa bwanji? Nanga kusiyana kwa saizi kuli ndi vuto?

Makaniko wa ku Biwi:
Imeneyo ndi nati yoteteza kwa akuba, galimoto zambiri zochokera ku South Africa zimabwera nazo. Ili ndi kiyi wake, kachitsulo konga soketi. Fufuzani mu kabati ya kutsogolo, mu bokosi la pakati pa mipando ndi m'thumba la zitsulo. Akasowa, pitani ku garaja sabata ino akazichotse zonse zinayi. Amakhomera soketi yothina pamwamba pake nkumasula, kapena kuwotchererapo nati ina. Ntchito imeneyi pa msewu wa ku Ntchisi usiku simungaichite. Muikepo manati wamba a Toyota, M12x1.5. Musalole kuti akuikireni a Nissan: amaoneka ofanana koma mazinga ake ndi 1.25, amalowa kawiri katatu kenako nkuononga sitadi.

Muonenso pokhalira nati. Manati a malimu a aluminiyamu a Toyota ali ndi washa yafulati, pomwe limu yachitsulo imafuna nati yosongoka. A Toyota enieni amakhala osongoka pang'ono kunsonga kuti agwirenso sipeya yachitsulo, koma ngati malimuwo kapena manatiwo anasinthidwa, gulani manati sikisi osongoka musunge m'thumba la zitsulo.

Woona za galimoto za pa esiteti:
Pa saizi tiyeni tiwerengere. 265/65R17 kutalika kwake konse ndi mamilimita pafupifupi 776. 245/70R16 ndi 749. Kusiyana ndi 27, kuposa 3 peresenti. Kukufikitsani kwa womata matayala ikufikitsani, koma si tayala loyenda nalo sabata yathunthu. Tayala laling'ono limazungulira kwambiri kuposa linzake, ndiye likakhala kumbuyo diff, magiya ogawa mphamvu ku matayala awiriwo, imagwira ntchito nthawi yonse ngati kuti mukukhota. Ngati galimoto yanu ili ndi limited slip, diff yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha, imatentha ndi kudyeka. Diff lock, yokakamiza matayala onse awiri kuzungulira mofanana, musaiyatse nkomwe. Likaphwa lakumbuyo ndipo ulendo udakali wautali, chotsani lakutsogolo labwino muike kumbuyo, sipeya ipite kutsogolo. Ndi ntchito iwiri, komabe ndi yotchipa kuposa diff. Ndipo pa phula musaike mu 4H, giya yokoka ndi matayala onse anayi, ngakhale matayala onse atafanana.

Chabwino koposa: sungani limu ya 16 yomweyo popeza yalowa, muvekepo 265/70R16. Imeneyo ndi mamilimita 777, yofanana ndi anzakewo. Tayala la 2017 la pansilo lakalamba kale, sindingalisenzetse feteleza.

Dalaivala wa Karonga:
Bola kungoika chubu m'matayala onse basi. Mukabooleka mumangomata chubu, womata njinga aliyense angakuthandizeni.

Womata matayala ku Limbe:
Ayi bambo, pamenepo ndikutsutsani. Tayala lopanda chubu likalasidwa ndi msomali, msomaliwo umatseka bowo, mpweya umatuluka pang'onopang'ono ndipo mumakhala ndi nthawi yoima bwino. La chubu limaphwa kamodzi, muli pa liwiro, katundu ali pamwamba. Komanso mkati mwa tayala lopanda chubu muli mizere yokakala imene imakhula chubu mpaka kuiboola, ndipo kukhulanako kumaonjezera kutentha. Chubu imodzi ya saizi yanu mutha kuyenda nayo yosungira tsiku loti limu yapindika kapena tayala lakana kugwira mpweya, kuti mufike kumene mukupita. Osati kuika mwa onse.

Chimene chingathandize achimwenewa ndi paketi ya zingwe zomatira, pamodzi ndi zitsulo zake ziwiri: chokulitsira bowo ndi cholowetsera chingwe. Nthawi zambiri simuchotsa nkomwe tayala. Sunthani galimoto mpaka msomali uoneke, uzuleni ndi pulayala, lowetsani chokulitsira motsatira mmene msomali unalowera, osati mowongoka ngati unalowa chopendama, mukhule kangapo. Pisani chingwe pa cholowetsera mpaka pakati, pakani guluu, kankhani mpaka patsale sentimita imodzi kapena ziwiri kunja, ndiye zulani chitsulocho molunjika osapotoza. Dulani chotsalacho, popani, thirani madzi a sopo.

Izi ndi za bowo la pamapanga pokha, losaposa mamilimita 6. M'mbali mwa tayala kapena paphewa musamate, ngakhale wina akuuzeni kuti aotcha chigamba chachikulu. Mbali imapindika nthawi iliyonse tayala likazungulira ndipo ulusi wa mkati ukaduka sulumikizikanso. Chimodzimodzi tayala lotupa chithupsa m'mbali chifukwa chomenya dzenje. Mukafika m'tauni, ngakhale chingwe chagwira, akalivule aone mkati ndi kumata chigamba chamkati. Akapeza fumbi lakuda la labala, ndiye kuti munayenda nalo lophwa ndipo latha.

Woona za galimoto za pa esiteti:
Zingwe popanda pampu ndi zachabe. Gulani kompuresa ya 12V yokhala ndi zopanira za ku batire. Zolowetsa poyatsira fodya zimapsereza fyuzi ndipo tayala lalikulu ngati lanu zimalilephera. Popopa injini izilira. Mukhalenso ndi geji yanuyanu.

Mpweya woyenera walembedwa pa kapepala kamene kali pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo pali manambala awiri: opanda katundu ndi osenza. Mukakweza matumba onjezerani akumbuyo kufika pa nambala yachiwiriyo, matayala akadali ozizira. Matayala ambiri amene amaphulika mu Okutobala sikuti alasidwa. Ndi mpweya wochepa, katundu wambiri ndi phula lotentha: mbali zimapindika kwambiri, zimatentha mpaka labala kusiyana ndi waya. Matumba 20 a makilo 50 ndi tani yathunthu, ndipo mukaphatikiza anthu a m'kati double cab mwaipyoza malire. Pa tayala muonenso nambala yotsatira saizi: 112 ndiye kuti limodzi limasenza makilo 1,120 likakhala ndi mpweya wokwanira. Sipeya muziipopa pa nambala yapamwambayo, kuphwetsa nkosavuta kusiyana ndi kupopa.

Makaniko wa ku Biwi:
Kasinthidwe kake ndikayale, chifukwa jeke imavulaza anthu. Imani pamalo olimba ndi osalala, kutali ndi pokhota kapena pamwamba pa chitunda. Handibuleki, giya wani kapena P. Ma triangle awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, masitepe ngati 50 kuchokera pa galimoto. Nthambi zamasamba usiku sizioneka. Anthu onse atsike. Ikani miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala loyang'anana ndi lophwalo modutsa: likaphwa lakumbuyo kumanzere, miyala ipite lakutsogolo kumanja. Kumbukirani kuti handibuleki imagwira akumbuyo okha, ndiye mukakweza kumbuyo miyalayo ndi imene yagwira galimoto.

Tsitsani sipeya musanajeke. Masulani manati theka la kuzungulira tayala lidakali pansi. Jeke kumbuyo ikhale pansi pa paipi ya ekiselo pafupi ndi masipuling'i, kutsogolo pansi pa chasisi pamalo amene buku lasonyeza. Osajeka pa bodi, pa sitepe kapena pa chitsulo cha siteringi. Pansi pa jeke ikani thabwa lolimba, masentimita 30 mbali zonse, kuchindikala 4 kapena 5, apo ayi pa dothi lonyowa jeke imamira m'malo mokweza galimoto. Njerwa ayi, zimasweka mwadzidzidzi. Tayala lomwe mwachotsa ligonekeni pansi pa chasisi, ndipo mutu kapena mwendo usalowe pansi pa galimoto yomwe yakhalira jeke yokha.

Pomanga, yambani manati onse ndi zala. Mangani modumphadumpha, iyi kenako yoyang'anana nayo, mutsitse galimoto ndi kumaliza. Pa Hilux imeneyo ndi 105 Nm, zomwe ndi ngati makilo 27 kunsonga kwa sipanala ya masentimita 40. Palibe chifukwa chodumphirapo ndi phazi, kumanga mopyola kumakoka sitadi mpaka kudzathyoka. Pa masitadi musapake girisi kapena oilo, ingopukutani ndi bulashi ya waya. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 imani muwayesenso.

Pogula jeke pitani ndi tepi. Yezani kuchokera pansi kufika pa ekiselo, muchotsepo masentimita 12 kapena 13 amene galimoto imatsika tayala likaphwa, muchotsenso kuchindikala kwa thabwa. Jeke ikakhala yaitali kuposa pamenepo silowa tsiku la pankichala, ndipo yaifupi kwambiri sikweza mokwanira kuti lopopa lilowe. Muiyese pakhomo mutaphwetsa dala tayala limodzi.

Mayi wa mathiransipoti ku Dowa:
Zonse zanenedwazi ndi zoona, ndingoonjezera za kubweza tayala pansi. Kachitsulo ka kunsonga kwa tcheni kalowe bwino m'bowo lapakati, mupukuse mpaka tayala lithine ku chasisi, kenako mulikankhe ndi phazi. Likagwedera, pa msewu wa mabampu tcheni chimadyeka ndipo tsiku lina mudzapeza pansi palibe kanthu. Dutsitsani tcheni china chachifupi m'bowo la limu ndi pa chasisi, mutseke ndi loko, chiteteza kugwa ndi kubedwa komwe. Lokoyo muikulunge ndi chidutswa cha chubu chakale kuti matope asalowe pa kiyi. Nyengo ya mvula muzitsitsa sipeya kamodzi pa mwezi, kutsuka kawinchi ndi kuyeza mpweya. Mukakhala kuti mwasenza kwambiri ndipo lakumbuyo laphwa, bodi imatsika mpaka sipeya kusowa potulukira, ndiye yambani mwajeka pang'ono kapena kutsitsako matumba. Mwa ichi, paulendo wa katundu wolemera kapena wa m'matope, bola kuikweza mu bodi ndi kuimanga ndi lamba kuseri kwa kabini.

Wofunsa:
Ndamva, mayi. Mawa ndiyamba ndi manati a kiyiwo ndi tayala la 265/70R16. Nanga jeke ya botolo ndingaigoneke kuseri kwa mpando, poti poimika palibe malo?

Makaniko wa ku Biwi:
Ya mafuta ikagona imadontha ndipo mpweya umalowa mkati, tsiku loifuna imangopopeka osakwera. Iimikeni mu kabokosi kuseri kwa mpando wakutsogolo kapena pakona ya bodi, muimange, valavu yake ikhale yotseka ndipo mutu ukhale wotsitsidwa mpaka pansi. Mukapeza ya Toyota yeniyeni yopukusa ija, ilibe mafuta, ndipo ili ndi malo ake omangirira pomwe munapeza zitsulo paja.