Thandizo: mavidiyo akuchedwa kusamuka pakati pa makompyuta awiri

Yusufu: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Mangochi. Loweruka ndinajambula ukwati ku Makawa, mafailo okwana 60GB, ndipo ndimafuna kuwasamutsa kuchoka pa laputopu kupita pa desikitopu yomwe ndimakonzerapo mavidiyo. Pa Wi-Fi zimachita kukwawa, ndiye ndinagula zingwe n'kulumikiza makompyuta onse awiri pa rauta. Komabe sizikudutsa 11MB pa sekondi. Ola ndi theka ndili chikhalire, thukuta kamukamu, magetsi akati zii n'kuyambiranso. Mnzanga akuti ndiyatse jumbo frames. N'zoona?

Che Amidu: Achimwene, 11MB imeneyo yaulula kale wakuba. Penapake mukuyenda pa 100Mbps, ndipo popeza mabiti 8 ndiwo amapanga baiti imodzi, 100 mukaigawa ndi 8 ndi 12.5MB pa sekondi, simungapyole pamenepo. Tsegulani mu Windows Status ya Ethernet (kulumikiza kwa chingweko) muone pa Speed. Marauta ambiri otchipa mapoti ake ndi a 100. Chingwenso chionetsetseni: gigabit (liwiro la 1000Mbps) imafuna timawaya tonse 8, pomwe 100 imakhutira ndi 4. Kamodzi kakapanda kugwira bwino m'kamutu kaja, liwiro limatsika mwakachetechete.

Bambo a Tadala: Ingogulani fulashi, mavuto onsewa a chiyani?

Chisomo: Fulashi ya USB 2.0 ija? Mugona pomwepo, bambo. A Yusufu, za jumbo frames zisiyeni kaye. Zimakweza MTU, kukula kwa phukusi lililonse la deta loyenda pa chingwe, kuchoka pa mabaiti 1500 kufika cha pa 9000, koma zipangizo zonse ziyenera kugwirizana, apo ayi mafailo azingoima panjira, ndipo phindu lake n'lochepa. Mu zosintha za khadi la netiweki, Speed & Duplex ikhale pa Auto Negotiation, kuti makina azigwirizana okha za liwiro. Kenaka chotsani rauta pakatipo, chingwe cha Cat5e chichoke pa laputopu mpaka pa desikitopu. Makadi a gigabit safuna chingwe chapadera cha crossover cholumikizira makompyuta awiri mwachindunji.

Yusufu: Pa Speed panalembedwadi 100Mbps. Ndalumikiza mwachindunji monga mwanenera achemwali, pano pakuti 1.0Gbps, mavidiyo akuthamanga kupyola 100MB pa sekondi. Koma foda ya zithunzi ikuzengerezabe.

Che Amidu: Timafailo tambirimbiri timatero, kalikonse kamatsegulidwa ndi kutsekedwa pakokha. Gwiritsani robocopy, pulogalamu yokopera mafailo ya mu Windows, muike /MT:16 kuti izinyamula 16 nthawi imodzi. Magetsi akazima, mukaiyambitsanso imadumpha zomwe inakopera kale.

Yusufu: Ndiyesa usiku uno, eni ukwati aimba kale kachitatu.