Andilonjeza zipangizo za windsurfing zotchipa, ndisayine?

Moni nonse abale a m'gulu muno, makamaka inu a ku Cape Town.

Ndimasewera windsurfing (kuyenda pamadzi utaima pa bolodi yokhala ndi thanga lokankhidwa ndi mphepo) Loweruka lililonse kunyanja ku Langebaan, kumpoto kwa Cape Town, mongosangalala chabe, sindidyerapo. Bolodi yanga ndi ya malita 105, thanga la masikweya mita 5.3 lomwe ladzaza zigamba, ndipo mlongoti wa masentimita 430 unathyoka sabata yatha itawomba mphepo ija amati Cape Doctor, mwera wa kuno.

Mwini sitolo ina ya zipangizo za windsurfing wandiuza kuti andiika pagulu la osewera ake. Poyamba ndinkayesa ndi zaulere, osadziwa kuti akungondichotsera mtengo. Ine ndizigwiritsa ntchito katundu wake yekha, ndimate dzina la sitolo pathanga, ndiziika zithunzi pa Instagram, komanso ndizipezeka pamipikisano. Mafuta opitira kumeneko ndi a m'thumba mwanga.

Ndawerenga pepala la mgwirizano kawiri konse, koma silikunena za katundu akathyoka. Ndinamulembera pa WhatsApp, anangoti tidzakambirana. Anzanga a kunyanja nawo sakugwirizana: wina akuti ndi mwayi, wina akuti ndidzasanduka wotsatsa malonda wosalipidwa. Ndayang'ananso zogwiritsidwapo kale ntchito pa Facebook Marketplace, ndipo kunena zoona zina zikutchipa kuposa mtengo wochotsera uja.

Ndiye ndikufunsa amene munasayinapo zotere: mlongoti ukathyoka amalipira ndani? Chaka chikatha katunduyo amakhala wanga, ndingamugulitse? Nanga ndikavulala kapena bwana wa kuntchito akandikaniza tchuthi cha mpikisano, ndibweza ndalama? Akufuna yankho Lachisanu, chonde ndithandizeni.