Madzi a mvula akuwononga nyumba, ndithandizeni nzeru

Abale anga a kuno ku Chipata, nyumba yathu ili ku Mchini, pamalo otsetsereka. Chiyambireni mvula mu Disembala, madzi ochokera kumtunda amadzaima kuseri kwa nyumba. Khoma la chipinda cha ana lanyowa mpaka m'mawondo, pulasitala akugwa, ndipo pakona pali mng'alu wolowa chala. Ndinakumba ngalande ndi khasu, koma mvula ikangogwa kamodzi, mchenga umaikwirira. Kodi ndiimange ndi njerwa ndi simenti, kapena ndiyalemo miyala? Italikirane bwanji ndi maziko?

Denga nalonso likudontha m'misomali, usiku timatchera ndowa ziwiri. Ena akuti ndimate phula, ena akuti ndisinthe misomali. Inu amene munakonzapo, chinathandiza n'chiyani? Mantha anga ali pa anawa, amagona pafupi ndi khomalo.